Nduna ikaimirira kuyankha aphungu: mmene boma limafunsidwira ku Nyumba ya Malamulo ya Malawi

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ali ndi ndime ziwiri zoyandikana zimene munthu wofuna kumvetsa ubale wa nduna ndi aphungu ayenera kuziwerengera pamodzi. Ndime 96 imalamula kuti nduna zizipezeka ku Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe mafunso ndi kutenga nawo mbali pa zokambirana zokhudza mfundo za boma, pamene ndime 97 imanena kuti pa kayendetsedwe ka unduna wake, nduna iliyonse imayankha kwa Pulezidenti. Choncho nduna ili ndi udindo wofotokozera aphungu zimene ikuchita, koma amene anaisankha, amenenso angaichotse, ndi Pulezidenti yekha. Aphungu angathe kuifunsa nduna, kuikaniza ndalama, kuiitanitsa ku komiti ndi kuidzudzula poyera, koma sangaichotse pa mpando. Zambiri zimene zimaoneka m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, zabwino ndi zokhumudwitsa zomwe, zimachokera pa mfundo imeneyi.

Kachitidwe ka mafunso kameneka tinakatengera ku Britain, koma kumeneko kamaima pa maziko ena. Ku Westminster, kumene kuli nyumba ya malamulo ya Britain, nduna zimachokera m'nyumbamo momwemo, ndipo boma limakhalapo pokhapokha aphungu ambiri akulikhulupirira. Mu 1979 boma la James Callaghan linagwa aphungu atavota kuti sakulikhulupiriranso, ndipo kusiyana kwa mavoti kunali voti imodzi yokha. Nduna ya kumeneko ikamayankha funso imadziwa kuti amene akuifunsawo ndi omwe angaligwetse boma lonse. Kuno kwathu Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu mwachindunji, ndipo angathe kupereka unduna kwa munthu amene si phungu. Munthu wotereyu amaloledwa kukhala m'nyumbamo ndi kuyankha mafunso, koma savota. Anzathu a ku Zambia, amene nawonso amasankha Pulezidenti mwachindunji, anaikamo m'malamulo awo okonzedwanso mu 2016 ndime yolola aphungu kuvota modzudzula nduna, ndiponso ali ndi nthawi yoikika yofunsa mafunso wachiwiri kwa Pulezidenti.

Njira imene anthu ambiri amaidziwa ndi ya mafunso opita kwa nduna. Phungu amalemba funso lake ndi kulipereka ku ofesi ya mlembi wa Nyumba ya Malamulo, amene amalitumiza ku unduna woyenera. Kumeneko akuluakulu a mu unduna ndi amene amasonkhanitsa ziwerengero ndi kulemba yankho, ndipo tsiku lake likafika funsolo limatuluka pa pepala la zokambirana za tsikulo lili ndi nambala yake. Sipikala amatchula dera la phunguyo, phungu amaimirira ndi kutchula nambala ya funso, nduna imaimirira ndi kuwerenga yankho lolembedwa kale. Mpaka apa palibe chodzidzimutsa, chifukwa nduna inali ndi nthawi yokwanira yokonzekera. Pamene pamayesedwa nzeru ndi pa mafunso oonjezera, amene mwini funso kapena aphungu ena amafunsa pomwepo atamva yankho. Apa nduna ilibe pepala loti iwerenge, ndipo zimaoneka msanga ngati ikuudziwa unduna wake kapena imangodalira zolemba za ena.

Munthu akamvetsera nthawi ya mafunsoyi kwa masiku angapo amazindikira kuti ambiri mwa mafunsowo ndi mapempho. Phungu amapempha nduna kuti iganizire zomanga mlatho pa mtsinje wakuti, kukumba mijigo m'midzi yakutiyakuti, kumanga nyumba za aphunzitsi, kutsegula polisi yaing'ono pa msika, kapena kutumiza ambulansi ku chipatala chaching'ono cha m'dera lake. Yankho nalonso limadziwika kale: unduna wamva pempholo ndipo udzachitapo kanthu ndalama zikadzapezeka, kapenanso phunguyo akaipereke nkhaniyo ku khonsolo ya boma lake. Sitiyenera kuwanyoza aphungu pa zimenezi, chifukwa mlatho umene wakokoloka ndi madzi ndi nkhani ya moyo kwa mayi woyembekezera amene chipatala chili tsidya lina, ndipo ovota amamuyeza phungu ndi chitukuko chooneka ndi maso. Komabe pali chimene chimatayika. Funso lopempha mjigo umodzi limapatsa nduna mpata wolonjeza, pamene funso lofunsa kuti mwa mijigo imene unduna unalandirira ndalama chaka chatha ndi ingati imene inakumbidwa, kuti, ndipo ndi kontirakitala uti, limaikakamiza nduna kupereka chiwerengero chimene chingathe kutsimikizidwa kapena kutsutsidwa. Funso lachiwirili ndi limene limachititsa kuti boma liyankhe pa ntchito yake, ndipo silimveka kawirikawiri.

Pali zopinga zinanso zoonekeratu. Nyumba ya Malamulo imakumana masabata owerengeka pa chaka, ndipo Sipikala amaiitanitsa atakambirana ndi Pulezidenti, kotero funso likhoza kudikira miyezi yambiri lisanatuluke, mpaka vuto limene linkafunsidwalo litasintha. Nthawi zina nduna sipezeka, ndipo funso limaimikidwa kapena limayankhidwa ndi nduna ina imene singathe kulowa mwakuya pa mafunso oonjezera. Zokambirana zonse zimachitika m'Chingerezi, poti ndime 51 imafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga chinenerochi, motero anthu ambiri amene funsolo likuwakhudza amamva yankho la nduna kudzera mwa atolankhani a pa wailesi amene amalifupikitsa.

Kupatula mafunso olembedwa, phungu angathe kupempha Sipikala kuti adzutse nkhani yofunika mwachangu, monga kusowa kwa mafuta a galimoto kapena kwa chimanga m'misika ya ADMARC. Nduna nayonso ingathe kubwera yokha ndi uthenga wofotokoza za nkhani ina mu unduna wake, aphungu n'kuifunsa pambuyo pake. Lachinayi ndi tsiku la aphungu wamba, pamene iwo amabweretsa mfundo ndi mabilu awoawo, ndipo nduna zimayenera kunena maganizo a boma pa zimenezo.

Pulezidenti nayenso sanasiyidwe kunja. Ndime 89 imamulamula kuti chaka chilichonse, bajeti isanakambidwe, apite ku Nyumba ya Malamulo kukafotokoza mmene dziko likuyendera, kupereka lipoti la mfundo za chaka chapitacho ndi kuyankha mafunso, ndipo imaperekanso mphamvu kwa aphungu yomuitana kuti akayankhe. A Bakili Muluzi anachitako zimenezi m'zaka zawo zoyambirira, koma mwambowu unazilala kwa zaka zambiri, atsogoleri otsatira akungowerenga uthenga wawo n'kutuluka, mpaka mu Seputembala 2020 pamene a Lazarus Chakwera anapita kukayankha mafunso a aphungu. Kuyankha kwa Pulezidenti n'kofunika chifukwa pali nthambi zina zimene zili pansi pa ofesi yake, ndiponso nthawi zina atsogoleri amadzisungira maunduna ena okha. Pa nthambi zoterezi, Pulezidenti akapanda kubwera, aphungu amayankhidwa ndi munthu wongotumidwa amene sanapange chiganizocho.

Mphamvu yeniyeni ya aphungu ili pa ndalama. Boma silingatenge ndalama m'thumba lalikulu la dziko popanda lamulo lovomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, silingakhazikitse msonkho popanda lamulo, ndipo ngongole zikuluzikulu zakunja zimabwera m'nyumbamo ngati mabilu opempha chilolezo chokongola. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, motero nduna ya zachuma imapereka bajeti kumayambiriro kwa chaka. Ikatha kuwerenga, aphungu amagawika m'magulu a makomiti amene amakhala pansi ndi akuluakulu a maunduna n'kumasanthula ziwerengero, kenako nyumba yonse imasanduka komiti yovomereza ndalama, pamene gawo la unduna uliwonse limaitanidwa palokha ndipo nduna iyenera kuteteza chiwerengero chake. Apa ndi pamene nduna ya zaumoyo ingafunsidwe chifukwa chake ndalama za mankhwala zachepa pamene za maulendo zakwera, ndipo gawo la unduna lingathe kuimitsidwa mpaka yankho lomveka litaperekedwa.

Mphamvu imeneyi inaonekera poyera mu 2007. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira, ndipo zipani zotsutsa, zimene zinali ndi aphungu ochuluka, zinkafuna kuti Sipikala, a Louis Chimango, agwiritse ntchito ndime 65 pochotsa amene anasintha zipani. Otsutsa anakana kukambirana bajeti nkhaniyi isanathe, ndipo bajeti ya chaka chimene chinayamba pa 1 Julayi inavomerezedwa mu Seputembala, anthu ndi mabungwe atachita zionetsero. Zimene zinachitikazi zinasonyeza kuti aphungu angathe kuligwira boma pakhosi, koma zinasonyezanso kuti chida chimenechi chimapweteka anthu wamba msanga kuposa nduna, pakuti bajeti ikachedwa, chimene chimachedwa ndi feteleza, mankhwala ndi malipiro. N'chifukwa chake kukana bajeti yonse kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo ntchito yofunika kwambiri imagwiridwa pa gawo limodzilimodzi, kutali ndi makamera.

Ntchito yakuya imachitika m'makomiti. Ndime 60 imapatsa Nyumba ya Malamulo ndi makomiti ake mphamvu yofufuza ndi yoitanitsa munthu aliyense, kaya ali ndi udindo wotani, kuti akapereke umboni. Makomiti ena, monga ya bajeti, ya zamalamulo, yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo ndi ya zachitetezo, amatchulidwa m'malamulo oyendetsera dziko momwemo, pamene ena amatsata maunduna: zaulimi, zaumoyo, zamaphunziro, zachilengedwe ndi zina zotero. Mu komiti mulibe kukuwizana kwa mbali ziwiri ngati m'nyumba yaikulu, phungu angathe kufunsa funso limodzi kangapo mpaka litayankhidwa, ndipo zikalata zimaikidwa pa tebulo.

Koma apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Amene kawirikawiri amakhala pamaso pa komiti si nduna, koma mlembi wamkulu wa mu unduna, chifukwa malamulo a kayendetsedwe ka chuma cha boma amaika pa mutu pake udindo woyang'anira ndalama za undunawo. Komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, imene mwamwambo imatsogozedwa ndi phungu wa mbali yotsutsa, imatenga malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma n'kuitanitsa alembi akuluakulu kuti afotokoze za ndalama zopanda malisiti, mafuta osalembedwa m'kaundula, alawansi zolipiridwa kwa anthu amene sanayende ulendo, ndi ntchito zolipiridwa koma zosamalizidwa. Kugawana kotereku kuli ndi chifukwa chomveka, pakuti nduna imapereka mfundo ndipo mlembi wamkulu ndiye amasaina. Vuto limabwera pamene zinthu zalakwika: nduna imati nkhaniyo ndi ya ogwira ntchito m'boma, mlembi wamkulu amati analamulidwa kuchokera kumwamba, ndipo lamulo lapakamwa silisiya chizindikiro pa pepala. Kuonjezera apo, malipoti a olondoloza ndalama akhala akufika mochedwa, kotero amene amayankha mafunso nthawi zambiri ndi munthu amene anabwera pa mpandopo ndalamazo zitasowa kale.

Nkhani ya Cashgate inaulula kukula kwa mpata umenewu. Mu 2013 ndalama zinkatuluka ku Capital Hill kudzera mu makina a kompyuta olipirira ndalama za boma otchedwa IFMIS, kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, zolemba zake n'kufufutidwa. Chimene chinavundukula nkhaniyi si funso la phungu kapena lipoti la komiti, koma kuomberedwa kwa mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, mu Seputembala 2013, ndi kupezeka kwa ndalama zambirimbiri m'magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. A Joyce Banda anachotsa nduna zawo zonse mu Okutobala chaka chomwecho, maiko othandiza anaimitsa thandizo lopita ku bajeti, ndipo kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Komiti ya aphungu inachita mbali yake pambuyo pake, koma njira zonse zimene zinaikidwa kuti zigwire vutoli likadali laling'ono zinali zitalephera.

Kayankhidwe ka nduna kamasiyananso malinga ndi nkhani imene ili pa tebulo, ndipo apa ndi pofunika kuonetsetsa.

Pa zaulimi aphungu amakhala atcheru kwambiri, chifukwa phungu aliyense ali ndi alimi m'dera lake ndipo amadziwa tsiku limene feteleza wafika kapena sanafike. Njala ya 2016 itavuta, ADMARC inapanga mgwirizano wogula chimanga ku Zambia, ndipo mafunso atabuka pa za kagulidweko, makomiti a zaulimi ndi oona za ndalama za boma anaphatikizana motsogozedwa ndi a Joseph Chidanti Malunga n'kuchititsa kafukufuku wapoyera, pomwe Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa gulu lake lofufuza lotsogozedwa ndi a Anastasia Msosa, amene anali mkulu wa makhoti. Nduna ya zaulimi pa nthawiyo, a George Chaponda, anaonekera pamaso pa aphungu, ndipo anthu anamva okha mafunso ndi mayankho. Iwo anachotsedwa pa unduna mu Febuluwale 2017, koma khoti linawapeza opanda mlandu mu 2018. Nkhaniyi imasiyanitsa bwino zinthu ziwiri zimene timakonda kuzisakaniza: khoti limafunsa ngati munthu waphwanya lamulo, pamene Nyumba ya Malamulo imafunsa ngati ntchito ya unduna inayendetsedwa bwino ndiponso ngati anthu anauzidwa zoona. Mu 2022 zinamvekanso kuti K750 miliyoni yogulira feteleza wa AIP, ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, inalipiridwa ku kampani ya ku Britain ya Barkaat Foods Limited, imene sinali yogulitsa feteleza, ndipo komiti ya zaulimi inaikoka nkhaniyi mwamphamvu. Mu Okutobala chaka chomwecho a Chakwera anachotsa nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, pamodzi ndi wachiwiri wawo. Pa nkhani zonse ziwirizi aphungu anathandiza kuti zinthu zidziwike, koma chiganizo chochotsa nduna chinachokera ku nyumba ya boma.

Pa zachuma ndi zamafuta vuto ndi lina: chiganizo chimene chimawapweteka anthu nthawi zambiri sichipangidwa ndi nduna mwachindunji. Amene analengeza kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndi Banki Yaikulu ya dziko lino. Mitengo ya mafuta ndi ya magetsi imavomerezedwa ndi MERA, mafuta ena amaitanitsidwa ndi NOCMA, magetsi amapangidwa ndi EGENCO n'kugawidwa ndi ESCOM. Mabungwe amenewa anapatsidwa mabodi awoawo dala, kuti andale asamalowerere pa ziganizo zofuna ukatswiri. Zotsatira zake n'zakuti nduna ingathe kuyankha kuti nkhaniyo ili m'manja mwa bodi, ngakhale aliyense akudziwa kuti mabodiwo amasankhidwa ndi boma lomwelo. M'maganizo anga, yankho lotere siliyenera kulandiridwa mosavuta. Ngati boma lili ndi mphamvu yosankha ndi kuchotsa bodi, liyeneranso kufotokoza chifukwa chake likuisungabe bodi imene ntchito yake ikudandaulitsa anthu.

Pa zaumoyo ndi zamaphunziro udindo unagawika pakati pa Capital Hill ndi makhonsolo kuchokera pamene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linayamba kupereka mphamvu ku maboma. Chipatala cha m'dera chikasowa mankhwala, unyolo wake umadutsa ku unduna wa zachuma umene umatulutsa ndalama, ku Central Medical Stores Trust imene imagula ndi kusunga mankhwala, ndi ku khonsolo imene imayang'anira chipatalacho. Phungu amene sakudziwa pamene unyolowu wadukira amafunsa nduna yolakwika, ndipo amalandira yankho loona koma losathandiza.

Zachitetezo zimakambidwa kwambiri m'chipinda chotseka, ndipo pali zifukwa zomveka zotero, ngakhale chinsinsi chomwecho chingathe kubisa kugula zinthu mokayikitsa. Nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi zili ndi vuto lawolawo, chifukwa ndalama zimatuluka mwachangu, zimadutsa m'maofesi ambiri nthawi imodzi, ndipo njira zogulira katundu zimafupikitsidwa. Ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 zinagawidwa motero, ndipo kafukufuku wa olondoloza ndalama atatuluka mu Epulo 2021 anaonetsa kuti zambiri sizinagwiritsidwe ntchito motsata malamulo. Nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, anachotsedwa mwezi womwewo.

Chofooka chachikulu pa zonsezi chili pa kulondoloza. Zonse zimene nduna yanena m'nyumbamo zimalembedwa mu Hansard, buku losunga zokambirana za aphungu, ndipo pali komiti imene ntchito yake ndi kutsatira malonjezo amene boma lapereka kwa aphungu. Lonjezo lolembedwa lili ndi mphamvu pokhapokha wina atabwerera nalo chaka chotsatira n'kufunsa kuti linathera pati. Koma pa chisankho chilichonse aphungu oposa theka sabwereranso, nduna zimasinthidwa maunduna kawirikawiri, ndipo aphungu ambiri oima paokha amapita kukakhala mbali ya boma akangolumbira, ena ali ndi chiyembekezo cha unduna, zimene zimafooketsa chidwi chofunsa mafunso ovuta. Lipoti la komiti likavomerezedwa ndi nyumba yonse, zimene lalimbikitsa zimadikirabe nthambi za boma kuti zichitepo kanthu: apolisi kapena bungwe lothana ndi katangale la ACB kuti afufuze, ofesi yozenga milandu kuti ipite ku khoti, unduna wa zachuma kuti ubweze ndalama kuchokera kwa amene anazisakaza. Makomiti enieniwo amadalira ndalama zochokera ku unduna wa zachuma kuti akumane, kotero amene akufufuzidwa ndi yemwenso akugwira chikwama cha wofufuza.

Kuchokera pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 madera a aphungu anakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229, zimene zikutanthauza mafunso ochuluka olimbirana nthawi yomweyo ya zokambirana, pokhapokha masiku okumana atawonjezeredwa. Chimene chasintha mokomera ofunsa ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Kudzera m'lamuloli mtolankhani, bungwe loima palokha kapena komiti ya chitukuko ya m'dera angathe kupempha mgwirizano wa kontirakitala, chikalata chosonyeza ndalama zimene zinatumizidwa ku khonsolo kapena mndandanda wa olandira zipangizo zaulimi, n'kuzipereka kwa phungu wawo nyumba isanakumane, kuti pofunsa funso loonjezera akhale ali ndi chiwerengero cha unduna womwewo m'manja.